Maluwa a pa Kamfuti ka Agogo

Omvera anzanga, mpaka lero ndikamva munthu akukwecha poto, mtima wanga umabwerera ku Chinsapo.

Makolo anga atamwalira ndinakula ndi agogo aakazi. M'sutikesi mwawo ankasungamo kamfuti kakale ka m'thumba, kosawombanso, kozokotedwa maluwa thupi lonse. Malemu amuna awo anapatsidwa ndi mzungu amene ankamuphikira.

Nditasankhidwa kupita kusekondale, tinamva za bambo wina wa ku Area 25 wogula zinthu zamakedzana. Agogo anati, "Sukulu yako ndi kameneka, mwanawe. Koma mlendo asakapeze kali bii."

Anakakwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka kuwala ngati supuni. Ine ndinkangoyang'ana.

Bamboyo atafika anakatembenuzatembenuza, n'kuvula magalasi.

"Amayi, maluwa anali apa apita kuti? Mtengo wake wonse unali pamenepo."

"Ndimati ndikulemekezeni, bambo," anatero agogo, akubisa zala zosupuka.

Kusekondale sindinapite. Agogo anamwalira akudziimbabe mlandu, ndipo chimandiwawa n'chimenecho, osati sukuluyo. Ndimaonabe mmene bamboyo analepherera kuwabwezera kamfutiko m'manja mwawo. Anandipatsa ine, n'kukwera njinga yake.