Ndinkalondera Bwinja

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndinatsala pang'ono kutaya ntchito pamodzi ndi chilolezo chokhalira kuno kudziko la eni, poti pepala langa limandilola kugwira pa kampani imodzi yokha.

Ndimagwira pa nyumba yosungiramo mankhwala ku Mississauga. Udindo wanga ndi kulondera seva, kompyuta yaikulu yosunga mndandanda wa katundu yense. Ikaima, malole opita kuzipatala sanyamuka. Abwana anali atandichenjezapo kale kuti ndikadzalakwitsanso, kwanga kwatha.

Mwezi wina tinasamutsira zonse mu seva yatsopano. Pa sikirini yanga nyali zinali zobiriwira zokhazokha, kusonyeza kuti zonse zili bwino, ndipo ndinkayenda modzimva.

M'mawa wina mayi Zulu a ku Chipata, olongedza katundu omwe timapemphera nawo, anandiimitsa pakhomo atanyamula kamashini kowerengera mabokosi. Ndinali pachangu, koma wamkulu akamalankhula sumudutsa.

"Mwana wanga, aka kamashini kayamba ulesi. Nikasikana bokosi, niimba vesi yonse kakalibe kuyankha."

Mumtima ndinati ndi zala za ukalamba izi, Mulungu andikhululukire. Ndinakayang'ana chifukwa cha ulemu chabe.

Zimene ndinapeza zinali zoopsa. Ndinali nditaiwala kulozetsa pulogalamu yolondera ku seva yatsopano, moti masabata onsewo inkayang'ana yakale yosagwiranso ntchito. Ndinkalondera bwinja. Yatsopanoyo inali pafupi kudzaziratu, n'chifukwa chake kamashini kaja kankachedwa, uku malole a masana atayamba kundanda panja.

Ndinachita mantha, abale. Ndinaona ana anga akuchoka pasukulu pakati pa chaka, ife tikumanga masutikesi. Ndinafuna kukonza mwakachetechete, koma kuwonjezera malo mu seva kumafuna chilolezo cha abwana omwewo. Ndinadzitsekera m'chimbudzi n'kupemphera kuti Ambuye andipatse pakamwa ponenera zoona.

Ndinalowa mu ofesi n'kuulula zonse. Abwana anangosaina chilolezocho. Ndinawonjezera malowo, ndipo malole ananyamuka pa nthawi yake.

Kenako anandiitanitsa. Anati ndikanabisa, bwenzi atandichotsa tsiku lomwelo, n'kufunsa kuti anazindikira vutoli ndani. Ndinati mayi Zulu.

Ntchito ndikadali nayo, ndipo ndikuyamika Mulungu amene anandipulumutsa kudzera mwa munthu yemwe ndinamupeputsa. Inu amene muli pa mayesero, limbikani, ndipo musanyoze wokuimitsani panjira. Masiku ano ndisanayang'ane nyali zobiriwira zija, ndimayamba ndakapereka moni kwa mayi Zulu, n'kuwafunsa ngati aimba vesi podikira kamashini kaja.