Imfa ya Akazi Anga Inagulitsidwa ku Jakarta

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, moni nonse m'dzina la Ambuye wathu. Amene simundidziwa, ndine Kachingwe wa ku Braunstone, uja amakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko n'kumapinda mipando tikaweruka. Zaka zonsezi sindinaimepo kutsogolo kuno. Pakamwa panga ndi polemera. Lero ndapempha ndekha kuti ndiime, ndiye mundipirire.

Akazi anga, amake Yankho, ambiri mumawakumbukira. Tinabwera kuno ku England Yankho ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Iwo ankasamalira okalamba, ine ndinkanyamula makatoni ku weyahausi, kosungira katundu. Mwana ndi yekhayo. Anali wanzeru, anapita ku yunivesite ku Nottingham, anachita za makompyuta. Kumeneko anapeza mnzake wa ku Indonesia, ndipo atamaliza anatengana ulendo wa ku Jakarta kukayambitsa kampani yawoyawo.

Ndifotokoze pang'ono za kampaniyo, poti nkhani yonse yagona pamenepo. Anapanga apu ya pafoni. Ngati kholo lako lakalamba, iwe uli kutali ndi ntchito, apuyo imakuuza ngati lamwa mankhwala. Likapanda kumwa, namwino amathamangirako pa njinga yamoto. Nzeru yabwino, sindikana. Koma kampani yotere siyamba ndi phindu. Imapumira ndalama za anthu olemera amene amawatchula mainvesita. Umaima pamaso pawo n'kufotokoza. Akakhutira amaikamo ndalama n'kutenga gawo la kampani. Akapanda kukhutira, mumatseka.

Yankho ali kumeneko, amayi ake anapezeka ndi khansa. Ndinasiya ntchito. Ndibwereze, abale, chifukwa mawu amenewa ndi amene ndadzera pano: ndinasiya ntchito. Zaka ziwiri ndinali m'nyumba. Bedi tinalitsitsira pabalaza poti masitepe anawakanika. Kuwasambitsa, ine. Kuwatembenuza kuti asachite zilonda, ine. Phala, ine, ngakhale ankandiseka kuti phala langa lili ndi mibulu ngati msewu wa kwawo. Mankhwala ankamwa pa ola lake, sanaphonyepo.

Anatisiya Lachiwiri masana, mutu uli pa mkono wanga uwu. Namwino analipo. Mai Zulu, mlongo wathu wa ku Zambia wakhala apoyu, analipo akuimba motsitsa mawu. Yankho ndege inamufikitsa patapita masiku awiri. Sindinamudzudzule. Amayi ake omwe ndiwo ankamuuza pafoni kuti malizitsa kaye zako, ine ndilipo.

Thupi tinapita nalo kwawo ku Ntcheu. Pamanda alamu anga a Fanuel, achimwene awo a malemu, eni mbumba, anaima pamaso pa mudzi wonse nati, "Mkamwini uyu watisamalira mlongo wathu. Tilibe naye mawu." Tinagwirizana kuti nthawi ikakwana ndidzabwere timange chiliza.

Chinatha chaka. Lamulungu lina ndikupinda mipando momuno, Mai Zulu anandikoka jekete.

"Ba Kachingwe, mwamuona mwana wanu? Ali pa vidiyo, akamba na bantu ba ndalama."

Ndinati zikomo, Mulungu wamukweza.

"Iyayi. Vamene akamba ine sininavimvetse. Nakutumilani, muone mweka."

Ndinaonera m'basi popita kunyumba. Mwana wanga ali pa nsanja, malaya oyera, kumbuyo kwake chithunzi chachikulu cha amayi ake atavala yunifolomu ya amayi a mpingo. Ankalankhula Chingerezi, ine ndikuuzani m'chathu. Anati, "Amayi anga anafa okha m'nyumba ku England. Bambo anga anali ku shifiti ya maola khumi ndi awiri. Mankhwala anali patebulo, koma panalibe wowakumbutsa. Bambo pobwera anapeza atazizira kale. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti pasadzapezekenso mayi wofa chonchi."

Anthu anaomba m'manja. Ena ankapukuta misozi.

Abale, ndinapitirira potsikira panga. Basi inakafika kumapeto, dalaivala n'kubwera kudzandifunsa ngati ndili bwino.

Vidiyo ija inayenda. Inayenda m'magulu athu a pafoni, Leicester, Derby, Nottingham, ndipo sabata isanathe inali ku Ntcheu. Wina anawamasulira a Fanuel. Anaimba ine ndili m'shopu, ndanyamula mkaka.

"Alamu, ndaona zimene wanena mphwanga. Kodi mlongo wanga anafa ngati nkhuku m'khola, inu mukuthamangitsa mapaundi?"

"Alamu, si mmene zinalili."

"Ndiye mwana wanu wobala nokha akunama? Pamaso pa dziko lonse? Mwana amanamizira bambo ake chinthu chotere?"

Ndinati afunse amene analipo. Anati anthu a kumpingo kwanu adzakuikirani kumbuyo basi.

"Tinakuthokozani pamanda paja. Tinkathokoza chiyani? Chiliza timanga tokha. Musavutike n'kubwera."

Anadula foni.

Zaka makumi atatu ndakhala mkamwini wa mudzi umene uja. Ndinafolera nyumba ya apongozi. Ndinanyamula maliro awo. Kavidiyo ka mphindi zinayi kanafufuta zonsezo.

Ndipo muno, abale anga, muno. Sinditchula munthu. Palibe anandinyoza, ayi. Munandimvera chisoni, ndipo chisoni chimenecho chinandipweteka kuposa chipongwe. Bambo wina anandigwira phewa panja apo nati, "Mashifitiwa atimaliza, achimwene, ife sitikuweruzani." Sitikuweruzani! Munthu amene sanabwere n'kamodzi komwe kudzazonda matenda, lero akundikhululukira. Ndinangoti zikomo n'kukakwera basi.

Yankho ndinamuimbira m'mawa, poti kwawoko kumakhala kuli madzulo. Iye amandiyankha m'Chingerezi, Chichewa amaponyamo apa ndi apo.

"Dadi, ndi sitori chabe. Aliyense woyambitsa kampani amakhala ndi sitori. Anthu awa amaona makampani ambirimbiri, amakumbukira yekhayo amene wawaliritsa."

"Nanga ine wandiika pati m'sitori yakoyo?"

"Dadi, kuno palibe amene amakudziwani."

"Ku Ntcheu amandidziwa."

Kenako anati akangosaina ndi mainvesita akuluakulu a ku Singapore, akonza zonse, vidiyo aichotsa, amalume awaimbira. Ndingopirira miyezi iwiri.

Ndinapirira. Ine kupirira ndimatha.

Koma itatsala pang'ono miyezi iwiri ija anaimbanso. Anthu a ku Singapore aja asanaike ndalama amafufuza chilichonse, mabuku a kampani, antchito, ngakhale mbiri ya mwini wake. Nkhani ya amayi ake inawakhudza kwambiri, ndiye anapempha kulankhula ndi bambo ake, mphindi khumi zokha.

"Dadi, mungoti munali ku ntchito. Basi. Akapanda kusaina titseka. Ndili ndi anthu amene ndinawalemba ntchito, ali ndi ana. Chonde, Dadi."

Mawu oti chonde anawanena m'Chichewa.

Abale ndi alongo, ndinavomera. Musandiyang'ane ngati munthu wolungama. Ndinavomera. Ndi mwana yekhayo, ndipo amayi ake anandisiyira ine. Sabata yathunthu ndinkayeserera bodzalo kukhitchini, m'Chingerezi, ngati mwana woloweza vesi ya Sande sukulu. Ndinali ku ntchito. Ndinabwera mochedwa. Ndinawapeza atapita. Ndikagwada kuti ndipemphere, mawu obwera m'kamwa anali omwewo. Ndinasiya kugwada. Chiyambire unyamata wanga, sabata imeneyo ndi yokhayo imene sindinapemphere. Ndinkaopa kuti ndikatsegula pakamwa kwa Mulungu andifunsa za amake Yankho.

Tsiku linafika, Lachinayi, naini koloko m'mawa. Ndinavala jekete ndi tayi. Ndinakhala pabalaza, pamalo pomwe panali bedi paja, foni nditaitsamiritsa ku botolo la shuga. Pafonipo panatulukira mayi wina wa ku Singapore kuja, waulemu kwambiri, wamagalasi. Pakona, m'kabokosi kakang'ono, Yankho.

Mayiyo anandipepesa za maliro. Anayamikira mwana wanga, anati ndinalera bwino. Kenako anafunsa mofatsa, "Bambo Kachingwe, ngati sikukupwetekani kunena, mutabwera kuchokera ku ntchito tsiku lija, chinachitika n'chiyani?"

Ndinatsegula pakamwa. Mawu onse aja ndinali nawo, okonzeka. Sanatuluke. Ndinayesanso. Lilime linangouma gwa. Zimene zinatuluka ndi izi:

"Mayi, sindinabwere kuchokera kulikonse. Ndinali momuno."

Anati sanamve bwino.

"Ntchito ndinali nditasiya kalekale. Akazi anga sanafe okha. Anafera pa mkono wanga, masana, pamalo pamene ndakhala pano. Mankhwala anamwa m'mawa womwewo, ndinawamwetsa ndine."

Ndinaona Yankho akugwira kumaso ndi manja onse awiri. Kenako kabokosi kake kanada. Mayi uja anati zikomo chifukwa cha nthawi yanu, bambo, pepani kwambiri. Mphindi khumi zija sizinakwane n'zitatu zomwe.

Wina angati Kachingwe analimba mtima. Ayi. Ine ndinakhala pampando paja kuti ndiname. Ndi Mulungu amene anagwira lilime langa, ndipo tsiku limenelo sindinamuthokoze. Ndinavula tayi, ndinakhala pomwepo mpaka dzuwa kupendeka, ndikumufunsa kuti Ambuye, mwanditengera mkazi, tsopano mwanditengeranso mwana?

A ku Singapore aja sanasaine. Anati ngati munthu wanama pa za amayi ake, pa za ndalama adzatani? Kampani inachepa, ambiri mwa antchito aja anachotsedwa. Anthu amene sindidzawaona nkhope, a ku Jakarta, anataya ntchito chifukwa cha mawu anga a mphindi zitatu. Ndimawapempherera, koma pemphero langa silidyetsa ana awo. Yankho ananditumizira uthenga umodzi: "Mwandipha, Dadi." Basi. Miyezi isanu, zii. Ndikaimba, osayankha. Ku Ntcheu nako zii, chifukwa zimene ndinauza mayi wa ku Singapore a Fanuel sanazimve. Choonadi ndinanena, koma chinandisiya ndilibe mwana, ndilibe mudzi. Aliyense wokuuzani kuti ukanena zoona zinthu zimayera pompo, ameneyo sanazinenepo.

Mwezi wathawu, Loweruka m'mawa, ndikuyanika zovala kuseri, foni inalira. Nambala ya kumudzi. A Fanuel.

"Alamu, mwadzuka bwanji kumeneko? Kukuzizira?"

Ndinati kukuzizira.

"Kuno mvula yatha, msewu wauma, galimoto ikufika mpaka kumanda." Anatsokomola. "Mphwanga anaimba dzulo. Walira ngati khanda, ine mpaka khutu kutentha. Akuti amene kunalibe tsiku lija ndi iyeyo. Akuti zinkamulemera, ndiye anakusenzetsani inu."

Ndinasiya kuyanika.

A Fanuel mumawadziwa anthu a mtundu wawo, mawu oti pepani sakhala m'kamwa mwawo. Sananene. Anangoti, "Ndiye mmisiri akufunsa mawu olemba pa chiliza paja. Ife tasowa chomuuza. Munene ndinu, alamu. Inu ndi amene munali naye."

Inu ndi amene munali naye. Ndinakhala pansi pa udzu wonyowa, munthu wamkulu ngati ine, malaya a kuntchito ali m'manja.

Lero ndili chonchi. Ndinabwerera ku weyahausi, masiku atatu pa sabata, msana sulolanso kupitirira apo. Ndimaphika ndekha, ndimadya ndekha. Ndayambanso kugwada. Mwezi wamawa ndikupita ku Ntcheu kukamanga chiliza cha akazi anga, ndipo ndikalowa m'mudzi muja masana, anthu akuona.

Yankho sanandiimbirebe. Anaimbira amalume ake, ine ayi. Sabata yatha wanditumizira chithunzi cha tikiti yake ya ndege yopita ku Lilongwe, popanda liwu lililonse. Ndinganame nditati ndamukhululukira zonse. Ndikakumbukira m'manja muja ankaomba anthu, chithunzi cha amayi ake chili kumbuyo, mtima umawirabe. Sindikudziwa kuti tikakaonana kumanda ndikamuuza chiyani. Mundipempherere pa chimenecho, kuti Mulungu amene anatseka pakamwa panga pa bodza akatsekenso pa mawu oipa.

Ndikuthokoza Ambuye amene sanandisiye ndiname, ngakhale ine ndinali nditamusiya. Ndikuthokoza Mai Zulu, amene anayenda munthu ndi munthu muno kunena kuti ine ninalipo, ninaona na maso, ngakhale ambiri simunawamvere. Mulungu akudalitseni, mayi.

Kwa enanu ndili ndi pempho limodzi. Vidiyo ija eni ake anaichotsa, koma ndikudziwa kuti m'mafoni mwanu ikadalimo. Musadikire kukafika kunyumba. Tulutsani foni pompano, abusa alola, muifufute ine ndikuona. Ndiima pano mpaka mumalize.

Amen.