Zomwe Anadula mu Kanema wa Amuna Anga

Aulutsi, ndine mayi wa ku Chimbiya. Amuna anga ankaimba gitala m'gulu loyendayenda loimba nyimbo za roko za oimba akunja, atavala mawigi ngati eni ake nyimbozo. Bambo wina wojambula kanema wa gululi anawatsatira mpaka kwathu. Anatipeza kudimba tikukumba kachewere, amuna anga ali matope okhaokha, akundiimbira kanyimbo kawokawo kondisereula.

"Mayi, apa ndiye pokoma," anatero bamboyo akujambula.

Amuna anga anatisiya chaka chatha. Kanemayo atatuluka ndinaonera pafoni, koma munali mawigi ndi Chingerezi basi. Zakudimba zija anadula.

Bambo ojambula, ngati mukumva, a wigiwo akhale anu. Ine ndibwezereni a matope aja.