Ndinatseka Pakamwa pa Goloboyi Wathu

Abusa, akulu a mpingo, amayi, abambo, achinyamata, abale ndi alongo nonse mwa Ambuye, ndikupatsani moni. Monire mose. Aleluya!

Ndikufuna kuchitira umboni. Koma ndineneretu, wanga si umboni wa matenda ochira kapena ntchito yopezeka. Wanga ndi wa manyazi. Mukaona ndikuyang'ana pansi musati ndikuwerenga, m'manjamu mulibe kanthu. Maso anuwo ndi amene akundilemera.

Ambiri mumandidziwa ngati mphunzitsi wa ku sekondale uja wochokera ku Thyolo. Ena mumandiitana kuti Kochi, chifukwa chaka chino komiti ya timu yathu ya kuno ku Lufita inandipatsa anyamata kuti ndiziwaphunzitsa mpira. Ndipo mmene tayambira ligi mukudziwa. Musaseke, bambo kumbuyoko, ndakuonani. Tinayamba ndi kugonja, tinabwereza kugonja, kenako tinagonjanso. Pakhomo kutichinya, koyenda kutichinya. Anyamata a kabaza pa Boma ankati timu yathu yasanduka mjigo, wofuna zigoli angobwera ndi ndowa.

Tsono mverani kumene zinayambira. Zinayambira mumtima muno.

Nditangowatenga anyamatawa, ndinapeza kuti akamasewera pakamwa pawo sipatsekeka. Uyu Chilambya, uyu Chindali, uyu Chitumbuka, wina wa kumalire n'kuponyamo Chiswahili. Ine ndaima pakati ndi wezulo, osatolapo kanthu. Wina akangolankhula, onse kufa nacho chiseko. Ndiye kamawu kenakake mumtima kankati, "Akuseka iwe amenewa. Akuseka mimba yakoyi. Akuseka kathamangidwe kako." Ine ndine wamtima wapachala, mayi a kunyumba ali apowo angakuuzeni. Tsiku lina ndinaimba wezulo, ndinawasonkhanitsa, ndinati, "Kuyambira lero m'bwalo muno chilankhulo ndi chimodzi, Chichewa. Wolankhula china azungulira bwalo mpaka ine nditatopa kumuonerera, ndipo Loweruka akhala pa benchi."

Lamulolo ndinaliveka malaya okongola, abale. Ndinati ndi umodzi. Ndinati timu yamakono imalankhula chimodzi. Bodza. Ndinkangofuna kumva ngati akundinena.

Kaputeni wawo anayesa kundichenjeza. Anati, "Kochi, Chichewa timachidziwa, kweni mpira ukathamanga, mawu amachedwa kufika pakamwa." Ine ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndinati, "Kodi kochi pano ndi iwe kapena ine?" Mwana wa eni anangoti, "Yewo," n'kubwerera.

Amene lamuloli linamupweteka kwambiri ndi goloboyi wathu, Lusekelo, mwana wa Mayi Nalungwe akhala kutsogolo kunowa. Amayi, mundikhululukire, ndimutchula dzina, chifukwa ndinamuipitsanso pomutchula dzina. Mukumudziwa Lusekelo, ankaimba besi mu kwaya yathu ya achinyamata. Mnyamata ameneyu pagolo sankagwira ndi manja okha, ankagwiranso ndi pakamwa. Iye ndiye amaona bwalo lonse, ndiye ankauza otchinga kumbuyo kuti iwe tseka uko, iwe siya mpirawo ndi wanga. Nditamuzungulitsa bwalo dzuwa likuswa mtengo, anzake akuonerera, anaphunzira phunziro limene ndinamuphunzitsa. Anangoti zii. Ndipo otchinga kumbuyo onse anati zii.

Ndiye inafika gemu ija ya pakhomo, ambiri munalipo. Mpira wa kona unabwera m'mwamba. Lusekelo anatuluka kuti augwire, wotchinga kumbuyo nayenso analumpha kuti aumenye ndi mutu. Palibe anaitana mnzake. Anawombana, onse pansi, mpira n'kumagubuduka wokha pang'onopang'ono mpaka mu ukonde. Ngakhale mwana wokwawa akanauthamangira.

Gemu itatha masapota anandizungulira. "Kochi achoke! Abwerere kwawo azikathyola tiyi!" Abale, ndinachita mantha. Ndipo m'malo moti ndinene kuti vuto ndine, ndinakweza mawu, ndinati, "Kodi pagolo panali ine? Kafunseni goloboyi wanu chifukwa chake masiku ano amangoti duu ngati wadya kanthu!"

Ngati wadya kanthu. Mawu amenewo anatuluka pakamwa pano. Pakamwa pomwe pano pamene pamaimba nanu nyimbo.

Dzuwa lisanalowe, Boma lonse linali litamva kuti Lusekelo amagulitsa magemu. Mukudziwa iye amadyera kabaza. Anthu anayamba kumudutsa pa siteji n'kukakwera wa mnzake. Ena ankaima dala n'kumufunsa kuti, "Bwana, chigoli lero chikupita pa bwanji?" Mnyamata anapirira, anapirira, kenako anasiya njinga, anasiya kwaya, anapita kwa amalume ake ku Kaseye. Komiti inakonza zokumana kuti imuchotse mu timu mpaka kalekale. Ndipo mukudziwa kuno kwathu, ukangotchuka kuti ndiwe wogulitsa, palibe timu ingakuvekenso yunifomu, palibe kholo lingakupatse mwana wake.

Ine ndinali chete. Ndinali chete chifukwa moto unali utachoka pa ine. Tinaika goloboyi wina, n'kumagonjabe. Ndinanamizira woyimbira. Ndinanamizira bwalo kuti ndi la mabampu. Ndinafika ponena kuti mwina adani anatikwirira mankhwala pagolo, ine mkhristu wa Baibulo m'khwapa! Aliyense anali wolakwa kupatula ine.

Koma chimene chinkandidya ndi ichi. Lamulungu lililonse pakhomo pa tchalitchi chino, Mayi Nalungwe ankandipatsa moni ndi manja awiri, akupinda bondo. "Monire asambizgi, mwawuka uli?" Mwana wawo ndamuthamangitsa pa Boma, iwo akundipindira bondo. Akanandilalatira bwenzi ndikupeza podzikanira. Ndinkangoti, "Yewo, amama," n'kulowa msanga ngati wothawa mvula.

Mulungu akafuna kukugwira sasowa njira. Tsiku lina ndinapalasa njinga kupita ku Kaseye kukafuna chimanga, anthu atangokolola kumene. Ndikudutsa pafupi ndi kabwalo ka m'mudzi, ndinamva mawu amene ndinkawadziwa, besi ija. Ndinatsika, ndinaima kuseri kwa mtengo wa mango. Anyamata a m'mudzi akusewera, ambiri opanda nsapato, magolo a milimo ya bulugamu. Pagolo Lusekelo. Abale, mnyamata uja anali akukuwa! Uyu kumuuza m'Chilambya, uyo m'Chitumbuka, aliyense m'chilankhulo chimene chimamufika msanga. Otchinga kumbuyo akuyenda ngati munthu mmodzi. Kona kubwera, iye kufuula kamodzi, onse kumupatsa njira, mpira m'manja gwa!

Kenako wina anaterereka, Lusekelo analankhula kanthu, bwalo lonse linaseka. Chiseko chomwe chija, chimene chinkandibaya pa maphunziro athu. Koma palibe ankadziwa kuti ndili pamenepo. Akuseka, ine palibe. Mimba yanga palibe. Anthuwa amangoseka chifukwa akukondwa ndi mpira wawo. Ndinagwira chiwongolero cha njinga, manyazi atandigwira. Chimanga sindinagule, ndinabwerera chimanjamanja.

Lamulungu lotsatira, abusa munati tonse tipemphere mokweza, aliyense payekha, monga timachitira. Ine pakamwa panakana kutseguka. Ndinangomvetsera. Kuno Chindali, uko Chitumbuka, uko Chichewa, ndipo Mulungu sanaimbe wezulo kuti wina azungulire bwalo. Patsogolo panga Mayi Nalungwe ankapemphera m'Chilambya, akulira. M'pemphero lonselo ndinatolamo mawu awiri okha: Lusekelo, ndi Kochi. Mpaka lero sindidziwa ngati ankandipempherera kapena ankandisumira kwa Mulungu. Sindinawafunse. Zonse ziwiri zinali zondiyenera.

Komiti itakumana kuti ichotse Lusekelo, ndinapempha kulankhula. Ndinafotokoza za lamulo langa lija. Apampando anavula magalasi, anati, "Aphunzitsi, ndiye mukuti amene wakhala akutigonjetsa ndinu?" Ndinati, "Ndine." Ena anati ndichoke tsiku lomwelo. Mapeto ake andisiya kaye mpaka chigawo choyamba cha ligi chithe, ndipo akadzandichotsa sindidzadandaula. Lamulo lija ndinalifafaniza. Musaganize kuti tayamba kupambana, ayi, tikadali kumunsi. Koma m'bwalo mwabwerera phokoso.

Kenako ndinapalasanso kupita ku Kaseye. Ndinamupeza Lusekelo akutonola chimanga pakhonde. Ndinakhala pansi, pa dothi, ndinati, "Mwana wanga, ndinakulakwira. Bwerera." Anatonola, anatonola, osandiyang'ana. Kenako anati, "Kochi, matope munandipaka pa gulu. Lero mukufuna kundisambitsa kuseri kwa nyumba?"

Lusekelo anapitiriza. Anati, "Ine kukhululuka nakhululuka, kweni dzina langa lili ku Boma, silili pano. Mukalinene kumene kuli anthu. Nidzabwera kudzamva."

N'chifukwa chake ndaima pano. Ndipo wabweradi, ndamuona polowa, wakhala pa benchi yomaliza pafupi ndi chitseko.

Tsono mverani, mpingo wa Mulungu, ndipo inu anyamata a kabaza muli muno, mawa mukanene pa siteji monga munanenera zija. Lusekelo sanagulitse gemu. Sanadye kanthu ka munthu. Anakhala chete pagolo chifukwa ine ndinamutseka pakamwa, kenako ine ndemwe ndinamunena chifukwa chokhala chete. Zigoli zonse zimene tamwa chaka chino, lembani pa ine. Amene munamunyoza, munanyoza ndi mawu anga. Mayi Nalungwe, Lamulungu lililonse mwakhala mukundipindira bondo. Lero ndilekeni ndigwade ndine. Pepani, amama. Pepani.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandisiye ndife ndi bodza limeneli m'kamwa. Anandichititsa manyazi kuti andichiritse, ndipo katundu amene ndinalowa naye muno ndikumva akutsika. Zikomo abusa pondipatsa mpata. Yewo chomene.

Abale, taonani kumbuyoko. Lusekelo wanyamuka. Ayi, sakutuluka, akubwera kuno. Mpatseni njira! A kwaya, sunthani, malo ake a besi aja mpatseni! Aleluya! Imirirani nonse, kondwerani nane, amayi imbani nthungululu! Lusekelo, yambitsa nyimbo, mwana wanga, ndipo uyambitse ya Chilambya, mokweza, mpaka a pa Boma amve. Ine mawu ake sindiwadziwa, koma manja ndili nawo, ndiziwomba.

Amen.