Bambo Alufeo Zikhalo ndi Miyala ya ku Mangalande

Malemu bambo Alufeo Zikhalo anabadwa pa 9 Juni 1949, kuno kumunsi kwa phiri la Chongoni. Sukulu anayambira pa mishoni, koma analekeza Sitandade 6. Sikuti mutu unali wouma ayi, koma pa benchi sankakhazikikapo. Anaphunzira ntchito yomanga kwa amalume awo, ndipo ntchitoyo inawayendetsa ku Lobi, ku Kaphuka, mpaka ku Lilongwe.

Mu 1974 anamanga ukwati woyera ndi mayi Bernadetta, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi. Mayiwo atatisiya mu 2007, bambo anasowa pogwira. Mwana wawo woyamba, a Victoria, amene ndi namwino ku Mangalande, anawaitana kuti akapumeko.

Kupumako sikunachitike. A Victoria amakhala m'kamudzi ka oweta nkhosa, kamene dzina lake ife limatikola lilime. Kuzizire, kugwe mvula, bambo ankadzuka n'kuyamba kuzungulira mudzi. Anapezako tchalitchi cha miyala chimene eni ake amati chatha zaka mazana asanu ndi awiri, pakhomo pake mpokumbika ndi mapazi a anthu. Anaona mlatho wa miyala yokhayokha, wopanda chitsulo. Anaona chitsime chimene anasiya kutungapo kalekale koma amachilambulirabe, ndi mtanda wa pamphambano wolembedwa mayina a anyamata a m'mudzimo amene anafera ku nkhondo. Mkulu wina wokonza mipanda ya miyala ya m'mabusa anawapeza akusisita khoma, n'kuwapatsa nyundo. Anayamba kuyendera limodzi, ndipo mkuluyo ndiye ankawauza mbiri ya malo alionse.

Pobwerako mu 2008 ife tinkayembekeza masuti ndi nsapato. Iwo anabwera ndi mafunso. Anafunsa za mkuyu umene patsinde pake panachitikira Misa yoyamba ya mudzi uno. Ife tinali titaudula n'kuotchera njerwa. Anafunsa za kasupe amene makolo athu anapeza pofika kuno kuchokera kummwera. Pamenepo tinali titakwirira n'kubzalapo mbatata ya kachewere. Zimenezi zinawasowetsa mtendere, ndipo tisabise pamaso pa maliro, anayambana ndi ambiri a ife. Ena tinkati ulendo uja wawazunguza mutu.

Mu 2010 anayamba kututa miyala okha pa wilibala. Anamangira mpanda manda a makolo oyamba, amene khasu linali litayamba kuwadya m'mbali. Kasupe uja anamufukula, ndipo madzi amene amayi aphikira pamaliro pano achokera pomwepo. Mu 2019 anayamba mlatho pakamtsinje kamene ana athu amawoloka popita kusukulu. Mvula ya 2022 inaukokolola. Iwo, imvi zili mbuu, anayambiranso.

Mu Novembala chaka chatha anagwa ali pantchito yomweyo, mbali imodzi ya thupi n'kufa. A Victoria anafuna kuwatenga kuti akalandire chithandizo kunja, koma iwo anakanitsitsa. Ngakhale ali gone, dzanja lotsalalo linkangopapasa pamphasa ngati likusankha mwala. Atisiya Lachiwiri lapitali m'mawa, kuchipatala.

Malemu asiya ana anayi: a Victoria, amene akutimvera pafoni chifukwa ulendo wawakanika, a Dennis, a Mervis ndi a Benedict. Asiya zidzukulu khumi ndi chimodzi, komanso mlongo wawo, mayi Sungeni. Asiyanso mlatho uli theka. Inu amene mwadzera njira yakumunsi mwachita kuvula nsapato, ndiye mwauona nokha. Amene adzaumalize sitikumudziwa, pakuti pamene bambo ankatiitana kuti tiphunzire, tonse tinkati tatanganidwa.

M'malo mwa banja ndikuthokoza bambo mfumu, akhristu a m'Limana, gulu lathu lopempherera limodzi m'mudzi muno, amene ankasinthana podwazika, anamwino, adzukulu amene akonza nyumba yomaliza, ndi inu nonse mwasiya minda yanu. Tikuthokozanso anthu a kamudzi ka kutsidya kwa nyanja, amene atumiza mawu kuti lero aliza belu la tchalitchi chawo.

Pitani bwino, bambo. Ambuye akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.