Nsalu za kashembe kumanda kwathu

Kale, madzi a ku Bwanje asanayambe kuyenda m'ngalande, kuno kumene mukupunthira mpunga kunali tchire la njiri ndi mbawala, ndipo mwini dziko anali kashembe. Inu ana a lero mukalumidwa ndi udzudzu mumadandaula tsiku lonse, koma kashembe, ntchentche ija yopinda mapiko ngati sizasi, amaboola ndi malaya omwe, ndipo akaluma ng'ombe imayamba kuwonda, maso kutuluka misozi, ubweya kuyoyoka, mpaka kugwa. Anthunso ena ankadwala kaodzera, kugona ali pakati pa nkhani.

Amuna anga atamwalira anandisiyira ng'ombe zitatu. Ziwiri zinagwa dzinja lomwelo, inatsala yaikazi ya bere, ndipo ine ndinaitcha Masiye. Itayamba nayo kuwonda, alamu anga anabwera. "Mlamu, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tiyeni nayo kwa ogulitsa nyama ku Mtakataka isanafere m'khola." Ndinapsa mtima, ana inu, chifukwa ng'ombe imeneyo ndiyo inali tsogolo la ana anga. Ndinati, "Alamu, ikafa ifera pano."

Alangizi a ziweto anadzaibaya jekeseni, koma anandiuza mosabisa kuti mankhwalawo adzatha mphamvu, ndipo kashembe adzailumanso. Anandipatsa nsalu zonyikidwa m'mankhwala opha kashembe, mbali ina yabuluu mbali ina yakuda. Akuti kashembe amakopeka ndi buluu, n'kutera pakuda poyesa ndi ng'ombe, makamaka mukaika pansi pake botolo la mkodzo wa ng'ombe wogonera. Musaseke, fungo limenelo kwa iye ndi phwando! Anandiuzanso chinthu chimene sindinachiiwale: kashembe saikira mazira ambirimbiri ngati ntchentche ya kudzala, amabereka mphutsi imodzi yokha pa nthawi, n'kuisiya pa dothi lofewa pamthunzi, ndiye ukapha mayi mmodzi watseka mtundu.

Ndinazika nsalu kudambo ndi kumtsinje, koma Masiye ankabwerabe madzulo akudzimenya ndi mchira. Ndinayamba kumutsatira pobusa, ndipo ndinaona kuti akafika m'mbali mwa manda ndipamene kashembe amamuunjirira. Mitengo ya kumanda sidulidwa, mukudziwa, choncho chilimwe tchire lonse likapsa, mthunzi umatsala kumeneko kokha, ndipo kashembe ankaberekera momwemo, pafupi ndi pamene anagona amuna anga.

Tsono taganizani. Mkazi wamasiye kulowa kumanda popanda maliro, nsalu yakuda m'manja, botolo la mkodzo kukhwapa! Masiku amenewo akanati ndine mfiti, ndipo ana anga sakanadyanso pakhomo pa munthu. Alamu anga anati njira ndi kutentha msitu wonsewo mwakachetechete. Ine ndinakana, poti mthunzi umenewo ndi wa makolo athu.

Safunsa anadya phula. Ndinapita kwa aKamtedza, mkulu wa anthu okumba manda m'mudzi mwathu, munthu wosalankhula zambiri amene nayenso khola lake linali litatsala bwinja. Ndinagwada n'kufotokoza zonse. Iwo anati, "NaPhiri, mobisa ayi. Tsiku lolambula kumanda layandikira. Mudzabwere nazo masana, mudzi wonse ukuona, ndipo mudzanene nokha."

Tsikulo litafika, anthu ali ndi makasu ndi matsache, ine ndinatulukira nditasenza mtolo wanga. Mayi wina anafuula kuti, "Nsalu zakuda kumanda? Mukuitana maliro a ndani?" Ndinamasula mtolo pamaso pa onse n'kunena kuti, "Sindikuitana maliro. Amuna anga agona umu, ndipo sindidula ngakhale nthambi ya mthunzi wawo. Ndikufuna kuchotsa chimene chikupha ng'ombe imene anasiyira ana awo. Ngati n'kulakwa, ndiuzeni pano." AKamtedza anatenga nsalu imodzi, anaizika okha m'mphepete mwa msitu, anaika botolo pansi pake, ndipo tisanamalize n'kulambula komwe, anthu anaona ndi maso awo kashembe akuterapo ambirimbiri! Amene anafuula uja ndiye anayamba kufunsa ngati nsalu zatsalako.

Kuyambira pamenepo okumba manda ndiwo ankasintha mabotolo, ine ndinkangowatungira mkodzo m'mawa. Ntchito yonunkha, inde, ndipo anzanga ankandithawa pachitsime, koma ndinkayenda mutu uli m'mwamba. Mvula yoyamba itagwa, Masiye anabereka kathole konenepa. Ndinakama mkaka woyamba woti anthu angamwe, n'kupita nawo kwa aKamtedza m'chipanda. Analawa, anapukuta pakamwa, n'kuti, "Amuna anu amva."

Lero mumalima ndi ng'ombe, mumanyamula matumba pa ngolo mpaka ku Golomoti, ndipo ena mwa inu kashembe simunamuonepo. Ndimanyadira, ana inu, chifukwa dzanja langa lilipo pamenepo. Koma mukadzakumana ndi vuto lobisala pamalo amene anthu amalemekeza, musadzathamangire moto, musadzapitenso mozemba. Mukagogode kwa eni ake, mukalankhule dzuwa likuswa mtengo. Ine ndinatero, ndipo ng'ombe inakhala, msitu uli chiimire.