Dzina la a Kaitano Lakana Kukhazikika

Loweruka lomwe linkabweralo mwana wa a Kaitano, Felistas, ankakwatiwa ku Dedza, koma bambo akewo, mlonda wa pageti ku Sandton, mapepala awo anali atatha ndipo akanapita sakanabwereranso ku Joni. Ndiye Lachiwiri masana anakwera masitepe a fulati ina ku Berea, kwa Unique, mtsikana wokonza mavidiyo pa laputopu, kuti ajambulitse uthenga wokaonetsa paukwatipo.

"Kujambula tatha, abambo," anatero Unique. "Kwatsala mawu oyenda pansi pa nkhope yanuyi. Amabwera okonzakonza, timati templeti. Ine ndimangosintha zilembo. Ndilembe chiyani?"

"Lemba dzina langa."

Unique anagogoda kiyibodi. Kuchokera pamwamba pa sikirini panagwa mawu agolide, nadumphadumpha pachifuwa cha a Kaitano: DZINA LANGA.

"Aaa, ichi n'chiyani?"

"Zomwe mwanena."

"Kaitano, mwana iwe. Dzina langa ndi Kaitano."

Unique anakonza. KAITANO anagwa kuchokera kumwamba, nanjanja katatu, kenako anakhazikika.

A Kaitano anavula chipewa n'kuchiika pabondo. "Ndagwa."

"Lagwa ndi dzina."

"Pamaso pa asewere anga. Ndagwa, ndiye ndikunjanja ngati mpira. Ine ndi mkulu wa mpingo."

"Templeti imeneyi imatero. Ilipo ina yolowera kumbali."

KAITANO analowa chakumanzere mwaulemu wake, anaima pang'ono, kenako anaseseleka n'kutulukira kumanja.

"Akupita kuti?"

"Nthawi yake yatha. Ndi masekondi anayi."

"Unique, kwathu amanditcha mtchona. Zaka khumi ndi chimodzi osaponda ku Dedza. Ndiye akaone dzina langa lafika, lasuzumira, lathawanso? Lemba kuti ine sindinathawe."

Unique analemba. INE SINDINATHAWE analowa, anaima, n'kuthawira kumanja.

"Eish," anatero a Kaitano, atagwira chibwano. "Ukuchita dala?"

"Ayi, abambo. Mwati ndilembe."

"Peza ina."

Yotsatira inazungulira ngati pelepele isanaime.

"Ameneyu waledzera. Ine mowa ndinasiya 2009."

"Ndilembe zimenezo?"

"Manja ako akhale pamwendo."

Ina inatulukira m'malawi a moto.

"Ku Gehena ayi."

"Iyi anyamata oimba amaikonda."

"Ndati ayi."

Unique anatsegula ina yomwe zilembo zimabwera chimodzichimodzi, ngati munthu akutaipa. "Iyi ndi yofatsa. Tiikepo chiyani?"

"Ika kuti abambo a Felistas. Limenelo ndiye dzina laulemu."

Pasikirini panatuluka ABAMBO A, kenako kamzere kanayamba kuphethira. Kanaphethira kawiri, katatu, kanayi.

"Yaimiranji?"

"Imapumira pamenepo. Anaikonza choncho kuti anthu akhale ndi chidwi."

"Chidwi chanji? Abambo a ndani? Holo yonse ikuyembekeza kumva kuti mwana ndi uti? Mkazi wanga adzakomoka asanawerenge. Adzati ku Joni ndili ndi ana ena."

"Muli nawo?"

"Ndilibe."

"Ndiye palibe vuto."

"Vuto ndi masekondi anayiwo, mwana iwe. Azakhali ake a Felistas sekondi imodzi imawakwanira kufalitsa nkhani mpaka ku Lobi."

Unique anawayang'ana mofatsa. "Ndiye mukufuna dzina lotani?"

"Loima. Osagwa, osavina, osapsa. Liime ngati mmene ndimaimira ine pageti."

Unique anachotsa zonse zoyendetsa. Panatsala nkhope ya a Kaitano, ili duu, pansi pake KAITANO wazilembo zoyera, ndiponso chaka: 2017.

A Kaitano anayang'ana nthawi yaitali. "Ndinamwalira liti?"

"Simunamwalire."

"Chithunzi, dzina, chaka. Chatsala n'chiyani apa, nyimbo ya kwaya? Umu ndi mmene analengezera imfa ya mnzanga Maliki uja atagundidwa ndi takisi ku Midrand."

"Mwati liime."

"Liime ngati munthu wamoyo."

"Munthu wamoyo amagwedera, abambo."

"Ndiye lichotse. Chotsa dzinalo. Mwana wanga sangafune zilembo kuti adziwe bambo ake."

Unique anafufuta. Pamalo pa dzina panatuluka mawu achingerezi omwe amabwera ndi templetiyo.

"Awa akuti chiyani?"

"Akuti ikani dzina lanu apa."

"Akuuza ndani?"

"Aliyense woonera."

"Ndiye mwamuna aliyense m'holomo aziikapo lake? Pa mwana wanga?"

"Ndikhoza kuwachotsanso. Koma ndifunse kaye, poti ndi ntchito yanga. Felistas anakuonani komaliza ali ndi zaka zingati?"

"Zisanu ndi zinayi."

"Imvizi munali nazo?"

"Ndinalibe."

"Dzino lakutsogololi?"

A Kaitano anatseka pakamwa. Anayang'ana nkhalamba ya pasikiriniyo ngati mlendo wofuna kulowa pageti opanda kalata. Panja takisi inaliza hutala, ina n'kuyankha.

"Bwezerapo dzina," anatero motsitsa mawu. "Zilembo zikuluzikulu."

"Loima kapena loyenda?"

"Pakompyuta yakoyi, ku Malawi ndi mbali iti?"

Unique anaganiza. "Ndi kumpoto. Pamapu kumpoto kumakhala m'mwamba."

"Ndiye liyende cha kumeneko. Ngati likufuna kuchoka, lizichoka molunjika kwathu."

"Yokwera m'mwamba ndili nayo imodzi yokha."

"Ika."

KAITANO ananyamuka pang'onopang'ono kuchoka pachifuwa, nadutsa pamphumi, nalowa m'mitambo yoyera. Nkhunda ziwiri zinatulukira m'mbali n'kumuperekeza.

"Ndikuuzeni zoona, abambo," anatero Unique. "Iyi ndiye templeti ya maliro yeniyeni. Ndichotse nkhundazo?"

A Kaitano anavala chipewa chawo, maso akadali pasikirini.

"Zisiye. Pa boda ya Beitbridge izo palibe amazifunsa mapepala."